Kalata ya abusa kwa akhristu onse, makamaka inu amene muli pa ntchito

Okondedwa mwa Ambuye, chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Ndikulemba kalatayi mtima ukundiwawa ndithu. Masabata apitawa anthu akhala akubwera kudzapempha mapemphero pa nkhani za kuntchito, ndiye chomwe chandikhumudwitsa nchoti ena mwa anthu akudandaulidwawo ndi a mumpingo mommuno, timadyera nawo limodzi mgonero. Mnyamata wangoyamba kumene ntchito, akafunsa kuti kodi makinawa amayenda bwanji, wamkulu wake amangoti uzionera wekha, nafenso tinavutika. Mlongo wina anatulutsa ganizo labwino pa miting'i anzake nkumuseka, kenako ganizo lomwelo lakafika kwa abwana m'dzina la munthu wina. Sinditchula maina, eni ake akudzidziwa.

Ndikunena za kubisa nzeru. Kumana mnzako luso poopa kuti akupitirira, kapena kuti pulomoshoni atenga ndi iyeyo. Abale anga ichi ndi kaduka basi, ngakhale muchiveke dzina loti kusamala ntchito. "Chitsulo chinola chitsulo, chomwecho munthu anola nkhope ya mnzake" (Miyambo 27:17). Nanga inu mukunola ndani?

Mudziwe kuti ganizo latsopano silibwera lili lokwanira ayi, limabwera losalongosoka, mwina lomveka ngati lopusa, ndiye limafuna wina aonjezere apa wina afunse kuti bwanji titayesa chonchi, winanso aone pomwe lingagwere. Koma munthu amene wasekedwa kamodzi pagulu sayankhulanso, amangokhala phee nkumadikira malipiro ake kumapeto kwa mwezi, ndipo ofesi kapena galaja kapena sukulu imeneyo mudzapeza ikugwirabe ntchito mmene inkagwirira kalekale, aliyense akudandaula koma palibe chosintha. Komanso musaiwale kuti wosesa, dalaivala ndi mlonda amaona zinthu zimene abwana saziona ali mu ofesimo. Munawafunsapo maganizo awo?

Inu a kwaya tamverani iyi. Timapepala tachikasu tomata tija, Post-it, tinachokera ku kampani ya 3M ku America. Mu 1968 katswiri wina dzina lake Spencer Silver ankafuna kupanga guluu wolimba kwambiri, koma anatulukira guluu wofooka, womata pang'ono nkumatuka osaononga pepala. Wina akanabisa chifukwa cha manyazi. Iyeyu ayi, anakhala zaka akuuza anzake a pakampanipo kuti taonani ichi, mwina wina angachipezere ntchito. Mmodzi mwa omwe anamumva ndi Art Fry, amene ankaimba kwaya kutchalitchi kwawo ndipo timapepala tomwe ankaika m'buku la nyimbo tinkangogwa. Mu 1974 anakumbukira guluu wa mnzake uja, ndipo pofika 1980 timapepalato tinali tikugulitsidwa m'dziko lonse la America. Wina anali ndi yankho osadziwa funso lake, wina anali ndi funso, anakumana chifukwa woyambayo sanatseke pakamwa.

Werenganinso Eksodo 35. Mulungu anadzaza Bezaleli ndi luso la golide, siliva, mkuwa, miyala ndi matabwa, ndipo pa vesi 34 anaikanso mumtima mwake kuti aphunzitse ena, iye pamodzi ndi Oholiabu. Mose weniweniyo anamvera malangizo a apongozi ake Yetero. Inu ndinu ndani woti simungafunse, kapena woti simungaphunzitse? "Diso silingathe kunena kwa dzanja, sindikufuna iwe" (1 Akorinto 12:21).

Ndikudziwa ena munena kuti abusa simukudziwa za kuntchito, ukaphunzitsa munthu mawa akuchotsetsa ntchito. Zimachitika, sindikukana, ndipo zimapweteka. Koma zimenezo sizikupatsani ufulu woti muzionerera mwana wa mnzanu akulakwitsa lipoti inu mukudziwa pokonza, nkumadikira kuti akalipiridwe ndi abwana. Lamulungu mwakweza manja, Lolemba mwabisa fayilo. Zimenezi zitheretu pakati pathu. Ndipo inu amene munatenga ganizo la mnzanu nkulitcha lanu, pitani mukanene zoona kwa abwana anu, mukapepesenso mwini wake musanabwere ku gome la Ambuye. Apa sindikupempha ayi.

Tsopano Loweruka likubwerali nthawi ya 2 koloko masana tikumane mu holo ya mpingo, onse ogwira ntchito ndi ochita bizinesi, atelala, amakaniko, aphunzitsi, anamwino, akalipentala, a m'maofesi. Aliyense abwere ndi vuto limodzi lomwe lamukanika kuntchito kwake, tikhala m'magulu osakanikirana kuti telala amve za namwino, makaniko amve za mphunzitsi. Amene mungathe kutenga wachinyamata mmodzi nkumamuphunzitsa luso lanu lembetsani kwa alembi a mpingo pasanafike Lachinayi, kapena lembani dzina pa gulupu ya WhatsApp.

Achinyamata mufike msanga mudzakonze mipando. Makina osokera a mpingo aja ndi kompyuta ya mu ofesi zonse zinaonongeka ndipo tikuzifuna pa maphunzirowa, ndiye Lamulungu lino padzakhala mbale yapadera tikatha chopereka, omwe simudzakhalapo perekani kwa asungichuma. Ngati alipo wodziwa kukonza makina osokera andione tikaweruka.

Ambuye akudalitseni.

Ine mbusa wanu