Mbalame yobereka ana kumsana

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Wadzuka bwanji mwanawe? Akuti Lachisanu ukukwanitsa zaka 7, ndiye ndati ndikulembere, amayi ako akuwerengere pang'onopang'ono. Dzino lija linali gwedegwede linachoka? Nanga chifuwa chinatha? Azakhali ako ali bwino, khanda nalonso likuyamwa kwambiri, masaya ayamba kale kutuluka.

Tamvera zimene ndinaona Loweruka. Tinapita kunyanja ina yaing'ono kumpoto kwa mzinda wa Minneapolis, kuno ku America. Ndinalawirira, anzanga onse ali mtulo, n'kukakhala pa kamlatho ka matabwa komwe amamangirirapo mabwato. Posakhalitsa kunatulukira mbalame yaikulu kuposa bakha, mutu uli bii, pachifuwa pali mbee, kumsana madonthomadontho oyera, maso ali psuu. Kuno amaitcha loon. Inkabwera mwakachetechete, thupi lonse lili m'madzi pafupifupi kumira. Itayandikira ndinaona kanthu kakugwedezeka pamsana pake. Kamwana! Kenaka kena kanatulutsa mutu kunsi kwa phiko. Inali itabereka tiana take tiwiri, monga momwe amayi ako ankakuberekera popita kuchigayo.

Inzake inali chapatali. Inangomira zii, ine n'kumadikira, n'kumadikira, mpaka ndinayamba kuda nkhawa. Kenaka tumphu, pafupi ndi ine, kansomba kali kukamwa. Inapita nako kwa kamwana kamodzi, koma kanagwetsa. Inatola n'kukapatsanso, kanagwetsanso. Sinatope ayi, inabwereza mpaka kanameza. Apo ndiye ndinakukumbukira kwambiri, misozi inalengeza. Kodi ukudya? Ndiwo zamasamba ukusiyabe m'mbale?

Mbalameyi imabereka ana kuti asazizidwe, komanso kuti nsomba zikuluzikulu ndi akamba a m'madzi asawagwire. Pamtunda imavutika kuyenda chifukwa miyendo yake ili kumbuyo kwenikweni, ndipo ikafuna kuuluka imayamba yathamanga pamwamba pa madzi mtunda wautali ndithu. Anthu a kuno amaikonda zedi. Anaisankha mu 1961 kuti ikhale mbalame ya chigawo chawo cha Minnesota, ndipo pano ili pa chidindo cha boma, diso lofiira lija lili pomwepo.

Paja kusukulu munaphunzira mbendera yathu, eti? Tanditchulire mitundu yake. Nanga dzuwa lija likutuluka kapena likulowa? Kuno ku America kuli zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi mbendera yakeyake. Ya Minnesota ndi yatsopano, ndiwe wamkulu ndiwe. Anayamba kuikweza pa 11 May 2024. Mbali ya kumtengo ndi ya buluu wodera, wodulidwa mofanana ndi mapu a chigawochi, ndipo pakati pake pali nyenyezi yoyera ya nsonga 8. Imeneyo ndi nyenyezi ya kumpoto, imene usiku wonse imakhala pamalo amodzi zinzake zikuyenda. Kwathu sioneka, usavutike n'kuifunafuna panja usiku, ungalumidwe ndi udzudzu. Mbali inayo ndi ya buluu wowala, kuimira madzi.

Madziwo ndiye alipo, mwanawe. Pa nambala za galimoto analemba kuti kuno kuli nyanja 10,000, koma atawerenga bwinobwino anapeza 11,842. Zambiri ndi zazing'ono, tsidya lina umaliona. Koma kumpoto chakum'mawa kuli Lake Superior, yaikulu kuposa nyanja yathu ya Malawi kuwirikiza kawiri n'kupitirira, madzi ake ozizira koopsa. Mtsinje waukulu wa Mississippi nawonso umayambira konkuno, pa nyanja ya Itasca, ndipo pamene ukuyambirapo ndi paung'ono moti ana amawoloka polumpha pamiyala. Iwe usayesere zimenezo pamtsinje wathu uja, wamva? Kuno kulibe ng'ona, kwathu ziliko.

Miyezi yozizira nyanjazi zimauma gwa, anthu amayendapo, ena mpaka ndi galimoto, n'kuboola dzenje kuti awedze nsomba. Ma loon amakhala atathawa kale, amaulukira kummwera kunyanja yamchere. Makolo amatsogola, ana n'kutsatira pambuyo paokha. Zimenezo zikundidetsa nkhawa, tiana tija n'tating'ono kwambiri. Koma pofika nthawiyo tidzakhala titakula, tikugwira tokha nsomba.

Panopa kuno kukutentha, dzuwa likumalowa cha m'ma 9 koloko usiku, pamene inu muli m'chisanu cha June. Juzi yofiira ija ikukukwanabe? Uzivala m'mawa popita kusukulu. Mwera ukayamba kuwomba usayandikire mabwato, ngakhale anzako akuitane chotani. Neti uzigonamo, uzipinda m'mphepete monse monga ndinakuonetsera.

Ndakugulira kambendera kakang'ono ka Minnesota ndi nsapato, ndibwera nazo ndekha. Amayi ako ayeze phazi lako ndi chingwe andiuze, mwina lakula. Iwe undijambulire mbalame ija papepala, tiana tiwiri pamsana, atumize pa WhatsApp. Nkhuku yanga yamawanga inaswa anapiye angati? Ukuwatsekera madzulo? Upereke moni kwa bambo ako, kwa mlongo wako ndi kwa aphunzitsi ako a Sande sukulu.

Ndine agogo ako okukonda kwambiri.