Tisamayeze Pippo Inzaghi ndi mng'ono wake

A Mkonzi,

Ndiloleni ndisiyaneko maganizo ndi anzanga okonda mpira amene akangomva dzina la Filippo Inzaghi wa ku Italy, wodziwikanso kuti Pippo, amathamangira kunena kuti anali katswiri womwetsa zigoli koma uphunzitsi udamukanika. Mawu amenewa akhala akumveka kuyambira 2015, ndipo ambiri akungowabwereza osayang'ana zimene mkuluyu wachita kuchokera nthawi imeneyo.

Za kusewera kwake palibe amene amatsutsa. Adabadwira ku Piacenza mu 1973, ndipo dzina lake lidamveka ali ku Atalanta pamene adamwetsa zigoli 24 mu sizoni ya 1996-97, kuposa aliyense mu Serie A, ligi yaikulu ya ku Italy. Kuchoka apo adapita ku Juventus, kenako ku AC Milan mu 2001, komwe adakhala mpaka 2012. Sanali wothamanga kwambiri, chenga analibe, ndipo mbendera ya ofusayidi inkamukwerera mobwerezabwereza. Luso lake linali lodziwa pamene mpira ugwere. Amene adaonera ndime yotsiriza ya Champions League pakati pa Milan ndi Liverpool ku Athens mu 2007 akukumbukira: Pirlo adamenya friikiki, mpira udamugunda Inzaghi pathupi n'kusokoneza Reina, goloboyi wa Liverpool, mpaka kulowa m'golo. Ena adati ndi mwayi. Koma chigoli chachiwiri, pamene Kaká adamuponyera mpira pakati pa otchinga kumbuyo a Liverpool iye n'kumudutsa goloboyi modekha, panalibe za mwayi. Timu ya dziko lake adaimwetsera zigoli 25 m'masewero 57, ndipo anali m'gulu lomwe lidatenga chikho cha dziko lonse mu 2006.

Pa uphunzitsi ndi pamene tikumulakwira. Mu 2014 akuluakulu a Milan, Berlusconi ndi Galliani, adamupatsa timu yaikulu ya Milan atangophunzitsa achisodzera zaka ziwiri zokha. Nanga timu yake inali yotani? Ibrahimović ndi Thiago Silva anali atagulitsidwa kale ku PSG, Kaká adachoka, Balotelli adapita ku Liverpool, ndipo Torres amene adabwera kudzatseka mpatawo adangomwetsa chigoli chimodzi mu ligi. Milan idathera pa nambala 10. Sizoni ya iye asanabwere inali pa nambala 8, ndipo sizoni yotsatira iye atachoka idathera pa nambala 7. Matendawo anali a timu yonse, kuyambira ku ofesi. Akuluakulu adafuna dzina loti ochemerera alikonde pomwe ndalama zogulira osewera panalibe, ndipo zinthu zitavuta wochotsedwa anali yemweyo.

Chimene chimandisangalatsa ndi chomwe adachita atachotsedwa. Munthu amene adanyamula chikho cha Champions League kawiri adavomera kukagwira ntchito ku Venezia, mu ligi yachitatu, kumabwalo komwe makamera safikako kawirikawiri. Mu 2017 adaikweza timuyi kupita mu Serie B, ligi yachiwiri. Ku Benevento mu 2020 adatenga ligi ya Serie B ndi mapointi 86, ndipo adatsimikiza zokwera kutatsala masewero 7. Mu 2025 adalowetsa Pisa mu Serie A patatha zaka 34 timuyi isanapondemo. Kukweza matimu atatu osiyana si ntchito yongoidzera, makamaka mu Serie B momwe matimu amalingana mphamvu ndipo eni ake sachedwa kupsa mtima.

Sindikubisa kuti mu ligi yaikulu zinthu sizinamuyendere. Ku Bologna adachotsedwa mu Januwale 2019, ndipo Mihajlović amene adalowa m'malo mwake adaipulumutsa timuyo ndi osewera pafupifupi omwewo. Benevento idayamba bwino, mpaka kukagonjetsa Juventus 1-0 ku Turin, koma idatulukabe mu ligi mu 2021. Ku Salernitana adangokhala miyezi yochepa.

Vuto lenileni ndi loti aliyense amamuika pafupi ndi mng'ono wake Simone. Monga wosewera, Simone sankafika pa mkulu wakeyu, ngakhale kuti tsiku lina mu 2000 adamwetsa zigoli zinayi ali ku Lazio posewera ndi Marseille. Koma iye adaphunzira ntchito pang'onopang'ono, zaka zingapo ndi achisodzera a Lazio, asanapatsidwe timu yaikulu mu 2016. Atapita ku Inter adatenga ligi mu 2024 ndi kufika kawiri m'ndime yotsiriza ya Champions League. Simone adapatsidwa nthawi yokhwima, Pippo adathyoledwa wosapsa.

Pempho langa kwa olemba nkhani zamasewero anu ndi lakuti akamatchula Inzaghi wamkuluyu, asamalekezere pa Milan ya 2015. Atangokweza Pisa, iye adasankha kubwereranso mu Serie B kukatenga Palermo, timu ya mzinda waukulu yomwe ochemerera ake anali akulira kubwerera mu Serie A kuyambira pomwe idatuluka mu 2017. Imeneyonso ndi nkhani yoyenera kuilemba.

Wokonda mpira,
Zomba