Lipoti la ulendo wa ku Midrand: nkhani ya Valens ndi ndalama za gulu lathu

A Tcheya, a Mlembi, a Msungichuma, ndi nonse abale anga a m'gulu lathu la amisiri oika makamera ndi masikirini kuno ku Joni, landirani moni.

Lachinayi lapitali munandituma ku Midrand, kumene kampani ina yopikulitsa zipangizo inaitana amisiri kuti atifotokozere mmene msika ukuyendera chaka chino cha 2025. Ndalemba msanga kuti aliyense awerenge pa foni tisanakumane Lamlungu ku Rosettenville, chifukwa tikakumana nthawi imathera pa zosonkhetsa ndi zilango za ochedwa. Munandipatsa mafunso awiri. Loyamba linali la mphekesera ija yoti kampani ya Valens, yopanga ma chip a m'mabokosi a HDBaseT (aja otumiza chithunzi kutali pa waya wa netiweki), ikugwa, ndiye tithamangire kuoda mabokosi ambiri ndi ndalama za gulu asanasowe. Lachiwiri linali la achimwene a ku Turffontein, loti popeza masheya a kampaniyo atchipa, bwanji gulu ligulepo ena. Ndinenetu pano pomwe: pa onse awiri ndabwerako ndi ayi. Zifukwa zake ndi izi.

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho, chifukwa ambiri a ife timachiika m'madenga a anthu tsiku ndi tsiku koma sitinachionepo. Pa tebulo lakutsogolo anatsegula bokosi limodzi, lija timalumikiza kumbuyo kwa pulojekita. Anamasula timasikuluwu tinayi, n'kuchotsa kachitsulo ka mano-mano kotaya kutentha, ndipo pansi pake panali kakuda ka makona anayi, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Kanadutsa m'manja mwa aliyense ngati mbale ya chopereka. Ameneyo ndiye chip (osati tchipisi cha pa chiwaya, monga anandisekera mayi a kunyumba nditawauza kumene ndikupita). Bokosi lonselo, nyale zake, dzina lolembedwa pamwamba, zonse ndi zovala chabe. Mwini ntchito ndi kakudako.

Amakapanga ndi a Valens Semiconductor a ku Hod Hasharon, ku Israel. Kampaniyi inayamba mu 2006, ndipo mu 2010 inagwirizana ndi LG, Samsung ndi Sony Pictures kukhazikitsa HDBaseT. Nonse mukudziwa vuto la kebulo ya HDMI: ikangopyola mamita 10 kapena 15 chithunzi chimayamba kuphethira. Nzeru ya a Valens inali yotumiza chithunzi, mawu, intaneti, ulamuliro wa rimoti ndi magetsi ofika mawati 100 pa waya mmodzi wa netiweki, mtunda wa mamita 100, chithunzicho osachifinya. N'chifukwa chake m'tchalitchi chachikulu laputopu imakhala kumbuyo kwa wosakaniza mawu, nyimbo n'kumaoneka kuguwa popanda kuchedwa. A Valens fakitale yawoyawo alibe. Amajambula chip, n'kupereka kwa makampani ena kuti awaumbire, kenako n'kugulitsa kwa opanga mabokosi. Ife tili kumapeto kwenikweni kwa mzerewo, kuseri kwa wopanga bokosi, woitanitsa ndi wopikulitsa.

Popeza masheya awo ali pa msika wa New York kuyambira mu September 2021, miyezi itatu iliyonse amaulula mmene malonda ayendera, ndipo ndi manambala amenewa amene tinathera nawo ola lathunthu. Ndinakopera zimene zinali pa sikirini. Mu 2022 anagulitsa katundu wa madola 90.7 miliyoni. Mu 2023 anatsikira pa 84.2 miliyoni. Mu 2024 anagwera pa 57.9 miliyoni. Ukaona manambala atatuwo okha, mphekesera ija imamveka yoona, ndipo ndikukhulupirira kuti amene anaiyambitsa anaima pomwepo.

Koma chaka cha 2024 muchidule panayi. January mpaka March anagulitsa 11.6 miliyoni, pomwe miyezi itatu yomaliza ya 2023 anali atagulitsa 21.9 miliyoni. Pamenepo ndi pamene panali phompho, pafupifupi theka la malonda kuzimiririka kamodzi. April mpaka June inakwera kufika 13.6 miliyoni. July mpaka September, 16.0 miliyoni. October mpaka December, 16.7 miliyoni. Munthu wakugwa sayenda choncho. Uyu ndi wodwala amene wayamba kumwa phala, ngakhale khasu sanayambe kugwira.

Funso ndi loti chinachitika n'chiyani kumayambiriro kwa 2024, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene nkhani ikutikhudza ifeyo.

Mukukumbukira 2021 ndi 2022, nthawi ya Covid, ma chip atasowa dziko lonse. Ife tomwe tinkauza kasitomala kuti adikire miyezi, iye n'kumatiyesa akuba. Opanga mabokosi anachita zimene amachita munthu aliyense wakumudzi chaka cha njala chikangodutsa: amene amadya matumba khumi amagula makumi awiri, poopa kuti ADMARC idzatsekanso. Aliyense anaoda kuposa chimene amafuna, wina kuoda kawiri kwa ogulitsa awiri. Manambala okongola a 2022 aja ena mwa iwo anali mantha, osati njala yeniyeni. Kenako ma chip anayamba kupezeka, chiongoladzanja cha mabanki chinakwera ku America ndi ku Ulaya, makampani ambiri anaimika zokonza zipinda za misonkhano popeza antchito anali kugwirira kunyumba. Opanga mabokosi anadzidzimuka nkhokwe zili thoo. Munthu amene nkhokwe yake yadzaza sapita kumsika ngakhale akudya nsima tsiku lililonse. Choncho anasiya kuoda kwa Valens mpaka za m'nyumba zitachepa. Mabokosi sanasiye kuikidwa m'matchalitchi ndi m'masukulu. Chinaima ndi kugula kwatsopano kumtunda kwa mzere.

Ndiye taonani zimene tinkafuna kuchita ife. Tinkati titenge ndalama za gulu, tidzaze mabokosi m'galaja ya a Msungichuma poopa kusowa. Kumeneko n'kubwereza ndendende kulakwitsa kumene kwasautsa makampani akuluakulu zaka ziwiri, koma ife tilibe mpamba wopirira nawo. Ndinafunsa mkulu wa kampani yopikulitsayo pamaso pa onse ngati pali bokosi limene akuona kuti lisowa chaka chino. Anaseka n'kuloza chitseko cha nyumba yawo yosungira katundu, nati vuto lawo ndi malo, osati kusowa. Pa nthawi ya tiyi ndinakasuzumirako, ndipo makatoni anali ofika kudenga. Chinanso, katunduyu amakalamba ali m'katoni. Makasitomala ayamba kufunsa chithunzi chooneka bwino kwambiri cha 4K chosafinya ndi pulagi ya USB-C ya chingwe chimodzi pa tebulo, zimene zikubwera ndi ma chip atsopano a HDBaseT 3.0. Bokosi limene tingagule lero ngati chuma, pakatha zaka ziwiri tidzaligulitsa mopempha.

Pali chimodzi chimene chingakweze mtengo, ndicho randi. Katunduyu amagulidwa m'madola, ndipo kumayambiriro kwa 2025 dola inali cha m'ma R18. Ikasuntha, mtengo wa pa shelefu umasuntha nawo. Koma mankhwala ake si nkhokwe. Ndi kulemba pa koteshoni kuti mtengo ukugwira masiku 14 okha, ndi kutenga dipoziti tisanaode. Ena mwa ife timachita manyazi kunena zimenezi kwa abusa kapena kwa bwana wa ku Sandton, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano la masheya. Achimwene a ku Turffontein sananame: atchipadi. Kampaniyi inalowa pa msika sheya imodzi ili pa madola 10, ndipo kumayambiriro kwa 2025 inkazungulira pakati pa madola awiri ndi atatu. Zabwino zake ziliponso ndipo sindizibisa. Pa madola 100 aliwonse amene agulitsa, pafupifupi 60 amatsala akachotsa mtengo wopangira chip, phindu limene palibe wa ife analionapo pa ntchito yoika kamera. Chaka cha 2024 anachitseka ali ndi madola pafupifupi 131 miliyoni m'thumba, opanda ngongole ya kubanki. Anagula kampani yaing'ono ya ku Colorado yotchedwa Acroname, ya zipangizo za USB, ndipo anayamba kugulanso masheya awo omwe pa msika. Iwo eni anati mu 2025 akuyembekeza kugulitsa pakati pa 71 ndi 76 miliyoni.

Komabe 60 ujayo sakukwanira. Malipiro a mainjiniya ofufuza ma chip atsopano amamudya yense n'kupitirira, moti mu 2024 kampaniyi inaluza madola oposa 30 miliyoni, ndipo eni masheya sagawana kalikonse pakutha pa chaka. Ngakhale 76 miliyoni akuyembekezayo akadali pansi pa zimene anagulitsa mu 2023. Wogula sheya imeneyi sakugula geni imene ikubala lero. Akugula chiyembekezo, ndipo chiyembekezocho chili kwambiri m'magalimoto.

Mbali imeneyi ndinaimvetsera bwino chifukwa ndinali ndisanaidziwe. Pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la malonda a Valens limachokera ku magalimoto, ndipo kasitomala wamkulu kumeneko ndi Mercedes-Benz, amene amaika ma chip awo m'zolumikiza masikirini ndi zoimbira za m'galimoto. Kudalira kasitomala mmodzi tonse timakudziwa kuwawa kwake. Amene anagwirapo ntchito ya kompuleksi imodzi miyezi isanu ndi umodzi, eni ake n'kusintha kontirakitala, andimvetsa. Chimene akuyembekezera ndi chip ina, VA7000, yotumiza zithunzi za makamera a galimoto kupita ku kompyuta yake pa muyezo wotchedwa MIPI A-PHY, umene unatuluka mu 2020. Mu 2024 analengeza kuti opanga magalimoto atatu a ku Ulaya asankha chip imeneyi, koma anati magalimotowo adzayamba kupangidwa cha m'ma 2026. Pamsika umenewo sali okha: Texas Instruments ndi Analog Devices anakhazikikamo kale ndi njira zawozawo, ndipo ndi njovu poyerekeza ndi Valens.

Ndalama za gulu lathu zili ndi ntchito imene tinagwirizana. Ndi zimene zimatumiza thupi la mnzathu ku Mangochi kapena ku Mzimba zikavuta, zimabwereka amene vani yake yafera pa msewu wa M1, ndipo mu December timagawana anthu asanakwere basi ku Park Station. Ndalama yoti ingafunike Lachiwiri usiku sitingaimange pa galimoto imene sinapangidwe. Amene ali nazo zakezake zapadera, ndipo angapirire kuziona zitatsika theka osadwala BP, ayese yekha; sindingamuletse, ndipo mwina zidzamuyendera. Koma m'buku la gulu ayi.

Chinthu chomaliza sichinali pa mafunso anu koma ndi chimene ndinapindula nacho kwambiri. Mukukumbukira ntchito ya tchalitchi ija ya chaka chatha, imene ndinabwererako kanayi, chithunzi chikuzima pakati pa ulaliki, akulu a mpingo n'kumandiyang'ana ngati ndawagulitsa fodya wonyowa. Ndinasintha bokosi, ndinasintha pulojekita, ndinafika potukwana HDBaseT yonse. Ku Midrand katswiri wawo anatenga zidutswa ziwiri za waya wa netiweki wa mtundu wa Cat6, zofanana kunja. Anapala chimodzi ndi mpeni, mkati mwake n'kukhalabe mofiirira. Anapala chinacho, kufiirako kunachoka ngati utoto, pansi pali poyera. Ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, amene pa katoni amalemba CCA, nthawi zina osalemba n'komwe. Anayatsa laita pansi pake, wayayo anapinda n'kugwa ngati udzu. Ndinakhala chete, chifukwa dilamu ya waya imene ndinagula motchipa m'sitolo ina ya m'tauni ya ntchito ija inali yomweyo. Waya wotere intaneti wamba amaikoka ndithu, n'chifukwa chake tesita yathu imayatsa nyale zonse zobiriwira. Koma chithunzi chosafinya pamodzi ndi magetsi pa mamita 70 kapena 80 sangachinyamule. Anatichenjezanso za mabokosi olembedwa kuti amatumiza HDMI pa waya wa netiweki koma mulibe chip ya HDBaseT. Amafinya chithunzi, ndipo salankhulana ndi pulojekita imene ili ndi khomo la HDBaseT kale. Ndabweretsa zidutswa ziwiri zija, Lamlungu aliyense apale yekha.

Zimene ndikupempha kuti tivotere ndi izi. Gulu lisaode mabokosi a nkhokwe, koma tisunge mapeya awiri okha (bokosi lotumiza ndi lolandira) obwerekana pa ngozi, wobwereka abweze pasanathe sabata. Kampani yopikulitsayo yati ingatitsegulire akaunti imodzi ya gulu kuti tizigula pa mtengo wa amisiri, bola tipereke mapepala a gulu ndi munthu mmodzi wosainira. A Mlembi aone ngati mapepala athu akukwana. Nkhani ya masheya ichoke pa ajenda. Ndipo ndikupempha kuti tigwirizane kuti membala wopezeka akuika waya wa CCA pa ntchito imene wapeza kudzera m'gulu alipire chilango, kuyambira ine ndemwe pa tchalitchi chija, chimene ndikukachotsako wayayo Loweruka ndi ndalama zanga.

Manambala a January mpaka March atuluka cha mu May. Ndidzawaona pa intaneti n'kukuuzani ngati kukwera kuja kukupitirira, sipafunikanso kutuma munthu.

Pa R300 imene munandipatsa, R180 inapita pa sitima ya Gautrain ndi takisi popita ndi pobwera, chakudya anatipatsa komweko. R120 yotsala ndi malisiti ndipereka m'manja mwa a Msungichuma Lamlungu.

Ine wanu,
Nthumwi yanu