Lipoti la Msonkhano Wounika Kagwiridwe Ntchito ka Masetilaiti Olumikizana

A Wapampando ndi mamembala anzanga, munandituma ku msonkhano wa masiku atatu wounika momwe masetilaiti opatsirana uthenga okhaokha akugwirira ntchito, ndipo ndalemba lipotili kuti aliyense aone kuti ndalama za ulendowu sizinalowe m'madzi. Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi m'zokamba za malamulo zomwe tonse tikuzidziwa kale.

Chomwe chinandichititsa chidwi ndi cha tsiku lachiwiri. Setilaiti yomwe imaoneka ngati yaima malo amodzi imakhala pa mtunda wa makilomita 35,786, moti kuti uthenga upite yankho n'kubwerera pamatha theka la sekondi kapena kuposera apo. Masetilaiti ambiri a Starlink, netiweki yopereka intaneti, amazungulira pa makilomita pafupifupi 550, moti uthenga suchedwa chonchi, koma chifukwa iliyonse imadutsa pamwamba panu kwa mphindi zochepa chabe, pamafunika ambiri olandirana ntchito. Netiweki ina ya Iridium, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1998, ili ndi masetilaiti 66 pa makilomita 780, ndipo iliyonse imatha kulankhula ndi anzake anayi: ya kutsogolo, ya kumbuyo ndi awiri a m'mbali. Masetilaiti atsopano akulumikizana ndi kuwala kwa leza, ndipo apa m'pamene ndinaleka kulemba n'kungomvetsera. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi m'mlengalenga, pomwe m'chingwe cha faiba kumayenda pafupifupi 200,000, kotero kuti pa mtunda wautali uthenga wodzera kumwamba ungathe kufika msanga kuposa wodzera pansi pa nyanja, bola njira yake isakhale yokhotakhota.

Msonkhano unagwirizana zoti netiweki iziyezedwa potengera avareji ya kuchedwa kwa uthenga, koma ine sindinakhutire nazo. Avareji imabisa nthawi yomwe dishi ikusiya setilaiti imodzi kugwira ina, imabisa mvula yamphamvu yomwe imafooketsa mafunde a wailesi otchedwa Ka omwe masetilaiti ena amatumizira uthenga, imabisanso madzulo pamene anthu achulukana pa intaneti, chonsecho wogwiritsa ntchito amadandaula nthawi zomwezo. Funso langa lina linali loti ngati uthenga ungadumphe kuchoka pa setilaiti kupita pa inzake n'kukatsikira pa siteshoni ya dziko lina, zikavuta wofunsidwa ndani? Anandiuza kuti nthawi yatha.

Kunena zoona, ndinalankhula ndi manyazi, chifukwa anzathu anabwera ndi zotsatira zomwe anayeza okha pomwe ine ndinalibe ngakhale tsamba limodzi. Zida zoyezera zomwe tinapempha chaka chatha komiti yathu ya zachuma sinayankhepo mpaka lero, ndipo ena mwa omwe anati n'zosafunika ndi omwenso ankafunsa chomwe ndikukatenga kumsonkhanoko. Tsiku lachitatu kunali owonetsa malonda basi.

Ndikupempha kuti nkhani ya zidazi ikhale yoyamba pa zokambirana zathu zikubwerazi, komanso kuti a msungichuma akumbukire alawansi ya masiku awiri yomwe inatsala, popeza malisiti onse ndinapereka kale.