Achimwene, za kochi mukufunayo

Wokondedwa achimwene,

Kuno tonse tili bwino, kaya inu ndi chisanu cha ku America. Ndamva zoti akuikani mu komiti yofufuza kochi wamkulu wa timu ya yunivesite yanu, kuimirira aphunzitsi anzanu, ndipo mwati simukudziwa poyambira.

Musanaone dzina la munthu aliyense, gwirizanani kaye ndi kulemba pa tsamba limodzi chimene chinavuta ndi kochi wachokayo. Kodi osewera aluso sankabwera? Ankabwera koma osakula m'masewero? Kapena ankagwa m'kalasi? Matenda atatuwa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo komiti yosadziwa chikuidwalitsa imangothamangira dzina lotchuka. Dziwaninso kuti mawu omaliza ndi a mkulu wa zamasewera, pulezidenti wa yunivesite n'kungovomereza. Yanu ndi ntchito yopeta, kuti pa lichero patsale mayina atatu kapena anayi.

Nthawi muli nayo yochepa. Chiyambireni transfer portal (kaundula amene wosewera amalembetsamo akafuna kusamukira ku sukulu ina) mu 2018, osewera sadikira. Nick Saban, kochi wa mpira wa chimereka, atalengeza pa 10 Januwale 2024 kuti wapuma ntchito ku yunivesite ya Alabama, anyamata ake anali ndi masiku 30 oti afunefune kwina. Sukuluyo inalemba Kalen DeBoer patangopita masiku awiri, komabe ena odalirika anachoka ndithu. Mpando ukakhala wopanda munthu mwezi wathunthu, kochi watsopano adzapeza khola lili pululu.

Koma changu chisakuiwalitseni kufufuza. Mu Disembala 2001 yunivesite ya Notre Dame inalemba kochi George O'Leary, ndipo patatha masiku 5 okha anatula pansi udindo zitadziwika kuti digiri yachiwiri imene analemba pa mbiri yake sanaipate. Foni imodzi yopita ku ofesi yosunga mbiri ya ophunzira ikanapewetsa manyazi onsewo. Imbani foni yoteroyo pa digiri iliyonse. Anthu atatu amene iye mwini wakupatsani kuti mukawafunse adzangomuyamikira, nanga anawasankhiranji? Inu funani amene sanawatchule: wosamalira ovulala pa timu yake yakale, woona za malamulo a NCAA (bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite) pa sukulupo, ndi osewera awiri amene ankakhalira pa benchi. Wosamalira ovulalayo mumufunse mosapita m'mbali ngati kochiyu anamukakamizapo kubwezera m'bwalo mwana amene wagunda mutu. Akayamba kuzengereza poyankha, lembani zimenezo. Onaninso ngati ali ndi chilango cha show-cause, chimene NCAA imapereka kwa kochi wophwanya malamulo, chifukwa chimenechi chimatsatira munthu ku sukulu iliyonse imene wapita.

Pa tsiku la mafunso musataye nthawi ndi kumufunsa masomphenya ake, aliyense amabwera ataloweza. Mumupatse pepala alembe ndondomeko ya sabata imodzi ya nyengo ya mipikisano. Ku Division I, gawo lapamwamba la NCAA, malire a masewero ndi zokonzekera ndi maola 20 pa sabata, osapitirira 4 pa tsiku, ndi tsiku limodzi lopuma. Amene anayendetsapo timu amalemba osakanda m'mutu. Kenako atchule mayina a omuthandiza amene adzabwere nawo ndi malipiro a aliyense, muone ngati zikukwana m'thumba lanu. Inu monga mphunzitsi, funso lanu likhale la APR, muyeso wa mmene osewera akuchitira m'kalasi. Timu ikatsika pansi pa 930 ikhoza kuletsedwa mipikisano ya kumapeto kwa nyengo, ndiye aonetse manambala a matimu ake akale chaka ndi chaka.

Ine ndimakonda munthu amene anakhalapo mutu wa timu, ngakhale yaing'ono, kuposa wachiwiri wa kochi wotchuka amene sanachotsepo munthu ntchito kapena kugawa bajeti. Curt Cignetti anadutsa ku IUP, Elon ndi James Madison, masukulu osamveka kwenikweni. Yunivesite ya Indiana inamutenga itapambana masewero 3 okha mu 2023, ndipo chaka chotsatira inapambana 11.

Pamene ndikufuna mutsegule maso kwambiri ndi pa kontrakiti, chifukwa apa m'pamene masukulu amadzimangirira okha chingwe m'khosi. Yunivesite ya Texas A&M itachotsa kochi Jimbo Fisher mu Novembala 2023, inatsala ndi ngongole yoposa madola 75 miliyoni kwa munthu amene sakugwiranso ntchito. Zaka zisanu n'zokwanira. Mulembe kuti mukamuchotsa iye n'kupeza ntchito kwina, malipiro atsopanowo azichotsedwa pa chipukuta misozi chimene mukumupatsa. Mulembenso zolakwa zimene angachotsedwe nazo osalandira kanthu, monga kuphwanya malamulo a NCAA, kunama pa mbiri yake ndi kuzunza osewera. Akafuna kuthawira ku sukulu yaikulu, nayenso alipire, ndalamayo izitsika chaka ndi chaka. Ndipo asaimitsidwe pamaso pa atolankhani atavala chipewa cha timu asanasaine pepala la mfundo zikuluzikuluzi.

Mundiuze ngati sukulu yanu ili ku Division III, gawo lachitatu la NCAA, chifukwa kumeneko kulibe thandizo la fizi loperekedwa kaamba ka masewera, ndiye mafunso a kakopedwe ka osewera ayenera kusintha. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa nthawi zonse.