Mpeni wopinda ukatha: wotumiza kwa opanga ndi wokonza konkuno

A Mkonzi,

Tiloleni tinenepo za mpeni wopinda, umene umapezeka m'thumba mwa msodzi, mlimi wa thonje ndi woweta mbuzi kuno ku Chigwa cha Shire. Anthu amva kuti mipeni ina ili ndi chitsimikizo cha moyo wonse, ndiye ena amaganiza kuti ukatha ungoikidwa mu envulopu n'kubwera watsopano. Sizili choncho. Ife amene timagwira ntchito ya zitsulo tikufuna tisiyanitse vuto lofunikadi fakitale ndi vuto lotha ndi mwala, tupa ndi hamala, chifukwa mipeni yabwino yambiri imafa m'manja mwa anthu oyesa kuikonza.

Choyamba dziwani mpeni umene muli nawo. Okapi, uja wa kamphete kokoka potseka, unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Ndi mpeni wotchipa, moti ndalama yotumizira yokha ingakugulireni ina ingapo. Umenewu ukonzereni konkuno. Victorinox wa mtanda woyera uja ndi nkhani ina. Kampaniyi inayambitsidwa ndi Karl Elsener ku Ibach, Switzerland, mu 1884, ndipo imalonjeza kukonza kapena kusintha mpeni ngati cholakwika chili m'chitsulo kapena m'kapangidwe. Kutha chifukwa chogwiritsa ntchito, dzimbiri, kapena nsonga yothyoka potsegulira chitini cha penti sizili m'lonjezolo. Akonza, koma mulipira. Kampani ya Leatherman ya ku Portland, ku America, imapereka chitsimikizo cha zaka 25. Ndipo m'misika muli mipeni yambiri yofiira yongotengera maonekedwe. Tsegulani chitsulo chachikulu muone kumunsi kwake: ngati dzina la opanga silinadindidwe mozama ndi mooneka bwino, musataye ndalama ya positi. Fakitale sikonza mpeni umene sinapange.

Mipeni yambiri imene eni ake amati yafa imakhala yongouma m'mfundo. Kuno zoumitsa zilipo zambiri: madzi a nzimbe za ku Nchalo amasanduka ulimbo akauma m'kati, mamina a mlamba ndi magazi zimagwira mchenga, ndipo madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, choncho kutsukira mpeni pamjigo n'kuupinda wosauma ndiko kuitana dzimbiri. Mpeni umene unagona m'matope nthawi ya madzi osefukira, monga a namondwe Freddy mu March 2023, umakhala ndi dothi mpaka pansi pa sipuling'i, kachitsulo ka kumsana kwa chogwirira kamene kamagwira chitsulo kuti chisatsekeke chokha. Mankhwala ake ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono. Uviikeni, muzitsegula ndi kutseka chitsulo chilichonse m'madzimo mpaka chiyambe kuyenda, chotsani zotsala ndi mswachi wakale, tsukuluzani ndi madzi opanda mchere, umitsani uli chitsegulire. Kenako dontho limodzi la mafuta a makina osokera pamfundo iliyonse. Limodzi basi, ochuluka amakoka fumbi. Mafuta ophikira musathire, amanata akakhalitsa. Ngati mpeniwo mumasendera mango kapena kudulira nyama, gulani mafuta otchedwa liquid paraffin a kufamase, osati parafini wa nyali. Petulo ndi sipiriti zimaononga pulasitiki yofiira ya chogwirira. Chogwirira chamtengo chokha musachiviike nthawi yaitali, chimafufuma n'kupana chitsulo.

Pa kunola ndi pamene tikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene mipeni ikuthera. Girayinda yamagetsi ya pamalo owotcherera ndi yabwino ku khasu ndi chikwanje, osati ku chitsulo chopyapyala cha mamilimita awiri. Chitsulo cha mpeni chinalimbitsidwa ndi moto kufakitale, kenako n'kufewetsedwa pang'ono pa kutentha koyezedwa. Girayinda ikachitenthetsa, m'mphepete mumayamba mtundu wa udzu wouma, kenako wabuluu pamene kutentha kwafika cha m'madigiri 300. Buluu ameneyo akaoneka, kulimba kwachoka pamalopo. Mpeni uthwa lero, mawa wabuntha, mwini wake abwerera ku girayinda, ndipo miyezi ingapo chitsulo chatsala ngati singano yosokera matumba. Opanga akauona amadziwa pompo, ndipo chitsimikizo chathera pomwepo.

Nolerani pamwala wonyowa. Chitsulo chipendekeke madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse. Pa chitsulo chaching'ono ndiye kuti msana wake ukwere pamwamba pa mwala pafupifupi mamilimita anayi kapena asanu. Kankhani kuchokera kumunsi mpaka kunsonga, mbali imodzi, kufikira mutamva ndi chala kawaya kopindikira kutsidya linalo. Mukakamva m'litali monse, tembenuzani muchite chimodzimodzi, ndipo malizani pa lamba wachikopa kuti kawayako kachoke. Amene sadikira kawayaka amanola tsiku lonse mpeni osathwa.

Pali vuto lina loopsa limene limabwera mpeni ukanoledwa zaka zambiri: ukatsekedwa, nsonga imasuzumira kunja kwa chogwirira, ndipo imang'amba thumba kapena chala. Kumunsi kwa chitsulo, pafupi ndi mfundo, pali kachitunda kamene kamagunda m'kati potseka. Palani kachitundako ndi tupa yosalala kawiri kapena katatu, tsekani, onani, bwerezani. Mukapala mopitirira, kuthwa kuzigunda sipuling'i ndipo mpeni uzibuntha wokha uli m'thumba.

Kugwedera kuli mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene pali malire. Tsegulani mpeni, gwirani nsonga ndi nsalu. Ngati ukugwedera cham'mbali, msomali wa pamfundo wamasuka. Pa Okapi ndi mipeni ina ya misomali yoonekera, lowetsani kachidutswa ka lezala pakati pa chitsulo ndi khoma lake, ikani mutu wa msomali pa chitsulo cholimba, gogodani mutu winawo pang'onopang'ono ndi hamala yaing'ono, kenako solorani lezalayo. Popanda lezala mumanga mfundo yonse, mpeni osatsegukanso. Koma ngati ukugwedera chokwera ndi chotsika, kapena ukutseka wokha mukakanikiza msana, ndiye kuti sipuling'i yatopa kapena chidendene cha chitsulo chadyeka. Apa hamala siithandiza, ndipo kuwotcherera kumapha sipuling'i. Pa Victorinox zitsulo zonse ndi masipuling'i zinamangidwa mosanjikizana ndi misomali ya mkuwa, moti kusintha chimodzi kumafuna kubowola misomaliyo ndi kumanganso ndi yatsopano. Sipuling'i yothyoka, chitsulo chosweka, loko yosagwira: izi ndizo za kufakitale. Zivundikiro zofiira, kopanira minga ndi kasipuling'i ka sizasi zimagulidwa pazokha, ndipo munthu amasintha yekha.

Mukatsimikiza zotumiza, musathamangire kupositi. Jambulani mpeniwo mbali zonse, pamodzi ndi chidindo ndi pamene pali vuto, mulembere opanga kudzera pa adiresi ya pa intaneti. Funsani zinthu zitatu: ngati vutolo akulitenga kuti ndi lawo, mtengo ngati si lawo, ndi kumene mutumize. Kawirikawiri amakulozerani kwa wowaimira wa m'chigawo chino cha Africa, zimene zimachepetsa mtengo kusiyana ndi kutumiza ku Ulaya. Funsaninso za njira yolipirira musanatumize. Ndalama zakunja zikuvuta, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa chilichonse cholipira kunja unakwera. Mpeni ukhoza kukonzedwa n'kukhala uko chifukwa mwini wake alibe polipirira.

Utsukeni musanapakire, palibe mmisiri amene amakondwa kulandira mpeni wa mamba a nsomba. Upindeni, mangani ndi tepi kuti usatseguke, kulungani m'katoni yolimba, ikani m'kabokosi. Envulopu wamba imang'ambika panjira ndipo imafika yopanda kanthu. M'katimo muikemo pepala la dzina, nambala ya foni, adiresi yobwezera ndi vuto lenileni m'mawu ochepa. Pa fomu ya kasitomu lembani zoona, kuti ndi mpeni wakale wopita kukakonzedwa, ndipo funsani a MRA mmene mungaulembetsere potuluka kuti pobwera usawerengedwe ngati katundu watsopano. Tumizani pa njira yokhala ndi nambala yolondolera, ndipo muyambe mwafunsa ngati kampaniyo imanyamula mipeni. Mukapatsira wachibale wokwera ndege pa Chileka, aike m'chikwama chachikulu. Cha m'manja alanda pachipata.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala: opanga akaona kuti kukonza n'kovuta, nthawi zina amangotumiza wina watsopano, wakalewo osabweranso. Ngati mpeniwo ndi wosiyiridwa ndi malemu bambo kapena agogo, lembani m'kalatamo momveka kuti mukufuna womwewo, ngakhale utakhala wosakonzeka, ndi kuti zidutswa zimene achotse azibweze pamodzi.

Ife,
Amisiri a zitsulo,
Ngabu, Chikwawa