Ophikira msonkhano salowa mu msonkhano

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera mu nyuzi yanuyi. Ndine mayi wa kuno kuchigawo chapakati, ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri pano ndinapuma, ndipo ndili mu komiti ya chitukuko ya m'dera lathu ija timangoti VDC. Pali nkhani yandikhala pamtima nde ndati bola ndiilembe mwina amayi anzanga kwinaku akukumana nazonso.

Mwezi watha tinali ndi msonkhano wogwirizana malo okumba mjigo watsopano, kunabwera ndi alendo ochokera kuboma. Mu komiti muja amayi tilimo anayi. Pemphero litangotha a tcheya anati amayi tathandizani kuseriko alendo asabwerere ndi njala, ife nkudzuka, nanga ukana bwanji alendo akuona. Tinakasosola nkhuku, wina kukatunga madzi, ine ndili pa mafuwa ndi mthiko utsi uli m'maso nkhuni zake zaziwisi. Mmene ndimafika ndi beseni la madzi osamba m'manja nkuti nkhani yatha kale. Ati mjigo ukumbidwe kufupi ndi msewu pabwalo paja kuti uzioneka, pomwe amayi a kutsidya kwa dambo amene amadzuka mbandakucha kukadikira madzi pachitsime chovunduka ndi amene anayambitsa kudandaula. Mwa onse amene anagamula nkhaniyo palibe olo mmodzi amene anasenzapo ndowa pamutu. A sekilitale anawerenga kuti komiti yonse yagwirizana, nkundipatsa cholembera. Ndinasayina a Mkonzi, manja akununkha utsi, ndipo mpaka lero zikundiwawa.

Mwana wanga wamkazi akuphunzira za ndale ku yunivesite, atabwera ku holide ndinamufotokozera. Iye anati amayi zimene mwakambazo nde feminizimu imene mumaiopa ija, maganizo omenyera kuti amayi ndi abambo akhale ofanana. Zoona ndinkaiopa, ndinkangomva kuti ndi za azungu, za akazi osafuna banja, osamva za mwamuna. Koma zimene anandiuza usiku umenewo tikusenda mtedza zinali zina. Akuti mabuku akuluakulu ofotokoza chiyambi cha boma, a anthu ngati Thomas Hobbes, John Locke ndi Jean-Jacques Rousseau, amayamba ndi nkhani yoti kalekale anthu aufulu ndi ofanana anapangana kuti tiyeni tikhale ndi boma lotiteteza. Nde mu 1988 mayi wina wophunzira, Carole Pateman, anafunsa kuti kodi pamene amapangana paja panali ndani? Yankho lake nloti anali abambo, eni makomo, ndipo pangano lija lisanachitike panali kale lina losalembedwa loti mkazi ali pansi pa mwamuna kudzera mu ukwati. Mwanayo akulankhula ine maganizo anali kuseri kuja pa mafuwa, ndi mawu aja oti komiti yonse yagwirizana.

Ananditchuliranso za ku France. Mu 1789 analemba chikalata cha ufulu wa munthu ndi nzika, dziko lonse nkumachitama, koma munthu amene ankanenedwamo anali mwamuna. Mayi wina Olympe de Gouges analemba chake mu 1791 chonena za ufulu wa mkazi, mu 1793 anamudula mutu, ndipo amayi a ku France anadzaloledwa kuvota mu 1944. Tawerengani zaka zimenezo.

Chimene chandigwira kwambiri ndi mzere umene timajambula pakati pa za dziko ndi za m'banja. Tinazolowera kuti ndale ndi palamenti, kampeni, bajeti, nduna. Za kukhitchini, za kumjigo, za kuchipinda, izo ati si ndale, ndi za m'banja sitilowerera. Amayi oganiza za feminizimu akuti mzere umenewo sunagwe kumwamba, anaujambula ndi anthu, ndipo amene anaujambula anali mbali yomwe kuli mipando. Taonani, bambo amene wakhala pa msonkhano maola anayi akutsutsana za chitukuko wadya m'mawa, malaya ake ngochapa ngosita, ana ake alipo akuwayang'anira, mayi ake odwala alipo akuwatembenuza. Nthawi imene ali nayo yochitira ndale ija alipo amene wamugulira ndi msana wake. Pitani pa chipatala chilichonse cha boma mukaone kumene amagona magadiyani, mukawerenge amuna ndi angati akazi ndi angati. Akusambitsa odwala, kuwaphikira phala, kutaya zoipa, kugona pa simenti sabata zitatu dimba likuuma kumudzi, ambiri ndi amayi. Atati onse anyanyale tsiku limodzi lokha chipatala sichingayende, koma mu bajeti ya zaumoyo ntchito yawo mulibe, imawerengedwa ngati chikondi basi.

Ndipo zimayambira patali. Mayi wina woganiza za chilungamo, Susan Moller Okin, analemba mu 1989 kuti banja ndi sukulu yoyamba imene mwana amaphunzirako chilungamo, nde ngati m'nyumba mulibe chilungamo musadabwe ndi nzika zimene zikutulukamo. Ine izi sindinachite kuwerenga, ndinaziona ndi maso m'kalasi. Mtsikana wa Sitandade 6 kufika mochedwa tsiku ndi tsiku diresi itanyowa paphewa chifukwa wayamba watunga madzi maulendo atatu, kusesa, kutsuka mbale, pamene mlongo wake wa kalasi yomweyo wangodzuka kusamba madzi amene watunga mnzakeyo nkunyamuka. Ife aphunzitsi nkumupatsanso chibalo mtsikanayo chifukwa chochedwa, inenso ndinaperekapo zibalo zotero ndipo ndimazikumbukira ndi chisoni. Ana awiriwa akamafika zaka 18 zovota aphunzira kale amene amakhala pampando ndi amene amakhala pamphasa, palibe buku la Social Studies lingafute zimenezo.

Alipo amene anene kuti mayiwa awalowetsa za kunja. Ayi, tiyeni tione kwathu konkuno. Kwa ife Achewa mfumu ikamwalira amene amakhala pansi nkuloza woti alowe ufumu ndi amayi akuluakulu a mbumba. Mu ufumu wa Maravi mfumu yaikulu Kalonga inkachokera mwa Nyangu, mayi wa ufumuwo, ndipo ku kachisi wa ku Msinja za mvula zinali m'manja mwa mayi wotchedwa Makewana. Ndiye kuti mkazi pa nkhani za ulamuliro si mlendo kuno. Komabe ndisaname kuti kale zonse zinali bwino, chifukwa ngakhale ku chikamwini komwe munda ndi wa mkazi, pabwalo wolankhula amakhala malume. Amayi amasankha kuseri, wina nkukalankhula poyera.

Kamuzu anaudziwa bwino mwambo umenewu nkuunyamula kupita nawo ku boma. Anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi a dziko lonse tinasanduka mbumba yake, ndipo ife amene tinakula nthawi imeneyo tikukumbukira amayi athu akukwezedwa pa malole kukavina, nsalu ya nkhope yake ili m'chiuno, ana atasiyidwa ndi agogo. Ankati akutiteteza, ndipo ena mpaka pano amayamikira, koma wotetezedwa uja samafunsidwa maganizo. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi thalauzi ndi siketi yaifupi, linadzachoka mu 1993, zaka 20 boma likuyeza kutalika kwa siketi, nde wina aziti thupi la mkazi si nkhani ya ndale? Nanga mu Januwale 2012 mavenda aja atayamba kuvula amayi ovala thalauzi mu Lilongwe lamulo litachoka kalekale, anaphunzira kuti kuti chovala cha mkazi ndi mlandu wa gulu? Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa K200 timagulira tomato ija, anasonkhanitsa amayi kulimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mu 1959 anamangidwa ndi boma la atsamunda atangochira kumene nkupita kundende ndi khanda. Koma atasemphana ndi Kamuzu pa mkangano wa nduna wa 1964 anathawira ku Zambia, kukhalako zaka pafupifupi 30. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anagwidwa mu 1981 nkudzatuluka mu 1993. Amayi ovina ankalandira ulemu, amayi olankhula ankalandira zimenezo.

Matipate atabwera mu 1994 chinasintha ndi mtundu wa nsalu, pena yachikasu, pena yabuluu, pena yaolenji, pena yofiira. Pitani pa msonkhano wa chipani chilichonse, kutsogolo padzuwa kuli amayi akuimba ndi kuvina kuyambira m'mawa, pa nsanja pamthunzi pali masuti. Sindikunyoza kuvina, inenso chimtali ndimachikonda ndipo amayi ena amapezako kangachepe kogulira sopo, koma funso nloti ikatha nyimbo aja akamakalowa m'chipinda kukagawana maudindo, ndi angati mwa ovinawo amalowa nawo.

Ndikudziwa mundiuza kuti tinakhalapo ndi pulezidenti wamkazi. Inde, Joyce Banda kuyambira Epulo 2012 mpaka 2014, ndipo mu 2019 Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi, izi nzonyaditsa. Koma kumbukirani mawu amene ankaponyedwa nthawi ija, ena ati ng'ombe yaikazi siikoka ngolo, ena ati ndi mayi wogulitsa mandasi. Mukhoza kutsutsa ulamuliro wake, zifukwa zilipo ndipo za Cashgate tonse tikuzidziwa, koma mawu a mandasi aja sankanyoza iye yekha, ankanyoza mayi aliyense amene amadzuka 3 koloko kukazinga kuti mwana apeze fizi. Ndipo iye atalephera anthu ambiri ankati mwaona akazi sangathe, pomwe abambo alephera kangati konse koma sindinamvepo wina akuti amuna sangathe tisawavoterenso. Chisankho cha 2014 chomwecho amayi amene analowa mu palamenti anali 32 pa mipando 193.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 ndipo ina isachepere 40, koma silikhudza mipando ya palamenti. Anzathu a ku Rwanda analemba m'malamulo awo a 2003 kuti amayi asachepere 30 pa 100, mipando 24 mwa 80 anaipatula kukhala ya amayi, pano amayi m'nyumba imeneyo anapitirira theka. Ife timangoimba 50:50 chisankho chikayandikira. Mayi woti aime amafunika ndalama za mapulayimale, za mabokosi a maliro, za mafuta a galimoto, pamwamba pake chilolezo cha bambo kunyumba, ndi mtima wopirira kutchedwa hule pa Facebook ana ake akuwerenga. Mwamuna woima naye safunsidwa kuti nanga ana wawasiya ndi ndani.

Komabe ine ndi mwana wanga sitinagwirizane zonse. Ndinamuuza kuti feminizimu yanu ikamathera m'mahotela a kunyanja, m'Chingerezi, ndi ma alawansi, amayi a kutsidya kwa dambo aja siyiwafika. Komanso kuchulukitsa amayi pa mipando pakokha sikokwanira, mu komiti yathu tilimo anayi pa pepala, a bungwe akabwera amawerenga nkusangalala kuti jenda ikuyenda, osadziwa kuti anayiwo anali kuseri akusosola nkhuku. Ndiponso ine amuna sindidana nawo, malemu bambo a kunyumba kwanga ankanditengera mwana kusikelo anthu akuwaseka kuti anadyetsedwa, ndili ndi ana aamuna awiri amene ndimawakonda. A tcheya athunso si munthu woipa, sanaganizeko nkomwe kuti akulakwa, kwa iwo kutuma amayi kukaphika ndi ulemu kwa alendo basi. Pamenepo mpamene pandiopsa ine, chifukwa chinthu chimene aliyense akuchiona ngati chabwinobwino sichipezeka pa ajenda.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi nloti atolankhani anu akamapita ku misonkhano ya chitukuko kaya ya chipani asamangojambula pa tebulo la alendo olemekezeka. Azizungulirako kuseri komwe kukufuka utsi, afunse amayi ali kumeneko ngati ali mu komiti, ndipo ngati alimo awafunse zomwe zagwirizanidwa ngati akuzidziwa. Nkhani za madzi, nkhuni, magadiyani ndi nkhanza za m'banja muziziikanso pa tsamba la ndale, osangozikankhira ku tsamba la amayi pafupi ndi kaphikidwe ka keke.

Kuno galimoto yokumba mjigo sinabwere. Ndapita kwa a tcheya ndi kwa a gulupu kukapempha kuti nkhani ya malo ibwererenso pa msonkhano, ndawauzanso kuti ulendo uno amayi a mu komiti sitidzuka, chakudya aphike ena amene sali mu komiti kapena tiphike tonse tikamaliza. A gulupu anangoti tiona. Amayi a kutsidya ndawauza abwere ndi ndowa zawo adzaziike pabwalo pomwepo, msonkhano ulipo Lachinayi likudzali.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Chigawo chapakati